Therere lobala m'chaka cha mvula yambiri: tingalisamale bwanji pakhomo?



Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu Okutobala tonse timakweza manja kupempha Allah kuti atigwetsere mvula. Ikafika Januwale, ena a ife timayamba kuyang'ana kumwamba ndi nkhawa, chifukwa mvumbi wakhala masiku anayi osakata. Kudoko usipa sukuuma pathandala, ukungonunkha. Mpoto ukuwomba, mabwato ali kumtunda. Chimanga kumunda sichinakhwime, ndipo pamsika mulu wa tomato wakwera mtengo. Nthawi imeneyi ndi imene kadimba ka kuseri kwa nyumba kamaonetsa phindu lake. Mayi akatuluka ndi kambale n'kubwera ndi therere lodzaza manja awiri, banja ladya nsima tsiku limenelo.

Koma ndi nthawi yomweyinso imene therere lambiri limafa. Amene tinali ndi madimba m'maboma a Machinga, Mangochi ndi Zomba mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anadutsa, sitinaiwale. Anzathu a ku Nkhotakota akukumbukira madzi osefukira a kumayambiriro kwa 2024, chaka chomwenso nyanja inadzaza mpaka kulowa m'makomo. Ngakhale m'chaka chopanda namondwe, sabata imodzi ya mvula yosalekeza imatha kufoola dimba lonse. Lero tiyeni tikambirane za therere lobala, lija ena amalitcha chithanda: mitundu yake, chimene chimalipha m'dzinja, ndi zimene tingachite ndi khasu lathu lomweli.

Therere limakonda mvula, koma limadana ndi chithaphwi

Mfundo yaikulu ndi imeneyi. Therere ndi mbewu ya kotentha, n'chifukwa chake limakondwa kuno m'mbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire kusiyana ndi kumapiri a Dedza. Ndi pachibale ndi thonje komanso chidede. Mukayang'ana duwa lake lachikasu lokhala ndi diso lofiirira pakati, muona kuti n'lofanana ndi la thonje. Monga thonje, lili ndi muzu umodzi waukulu wopita pansi, umene umalithandiza kupirira ng'amba.

Muzu umenewu umapuma. M'dothi labwino mumakhala timipata todzaza mpweya. Madzi akaima, timipata tonse timadzaza madzi, ndiye mizu imabanika ngati munthu amene wamira. Pakapita masiku awiri kapena atatu, timizu tating'ono timayamba kuola. Chodabwitsa n'chakuti mtengo umene waima m'madzi umafota ngati uli ndi ludzu. Masamba am'munsi amachita chikasu n'kuyoyoka, maluwa amagwa asanabale. Ena akaona choncho amathamangira kuthira feteleza poganiza kuti ndi njala. Ayi ndithu, mizu yoola singadye chilichonse.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi chokhalitsa pamasamba ndi pamaluwa. Chuku ndi matenda ena a mbewu amafuna tsamba lonyowa kwa maola ambiri kuti alowe. Tsamba likamauma msanga mvula ikakata, matenda amachepa. Choncho ntchito yathu yonse m'chaka cha mvula ili pawiri: madzi achoke msanga kumizu, mphepo idutse bwino m'masamba.

Mitundu ya therere ndi makhalidwe ake

M'masitolo ogulitsa mbewu, paketi imene timaipeza kawirikawiri ndi yolembedwa Clemson Spineless. Mtundu umenewu unachokera ku America, kusukulu ya ukachenjede ya Clemson m'chigawo cha South Carolina, ndipo wakhala ukulimidwa kuyambira 1939. Umayamba kubala pakatha masiku 55 mpaka 60. Mtengo wake sutalika kwambiri, umafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu kapena kupitirira pang'ono. Zipatso zake n'zobiriwira, zamizeremizere, ndipo siziyabwa kwambiri pothyola. Ubwino wake ndi changu. Kuipa kwake n'kwakuti tikabzala mu Disembala, kubala kwake kwenikweni kumakumana ndi mvula yamphamvu ya Febuluwale. Zipatso zakenso zimakhwima msanga tikachedwa kuthyola.

Pali mitundu ya ku India, monga Pusa Sawani, imene imabala zipatso zazitali zowonda, ndipo nayo ndi yofulumira. Palinso mbewu za haibulidi, zimene papaketi amalemba F1. Izi zimabala kwambiri zikasamalidwa, koma n'zodula, ndipo njere zake tikasunga sizibereka mofanana ndi kholo lake.

Pali therere lofiira, monga la Burgundy. Ambiri amafunsa ngati kufiirako kumaliteteza ku matenda. Sikuliteteza. Likaphikidwa kufiira kumachoka, ndipo kakomedwe kake n'komweko. Phindu lake m'dzinja n'lakuti zipatso zimaoneka msanga pakati pa masamba obiriwira, ndiye sizitsalira n'kukhwimira mumtengo.

Kenako pali mbewu ya makolo, imene agogo amasunga m'chikwatu kapena m'botolo. Iyi si mtundu umodzi ayi. Lina limabala zipatso zazifupi zonenepa, lina zazitali zokhota ngati nyanga. Lambiri limatalika kupitirira munthu, limayabwa, ndipo limachedwa kubala, mwina mpaka miyezi itatu. Koma kuchedwa komweko n'kumene kumalipulumutsa. Nthawi ya mvula yamphamvu limakhala likungokula tsinde ndi masamba, ndipo masambawo ndi ndiwo kale. Limayamba kubala mvula ikamachepa, n'kupitiriza mpaka kuzizira kutayamba. Komanso mbewu imene yakhala m'mudzi mwathu zaka zambiri inadutsa kale m'zaka za mvula ndi za chilala. Yofooka inatha yokha.

Anzathu a kumadzulo kwa Africa, m'madera a mvula yochuluka a ku Nigeria ndi Cameroon, amalima mitundu iwiri: wofulumira woti adye msanga, ndi wina wamtali wochedwa umene umapirira chinyezi n'kubala mpaka m'chilimwe. Nzeru imeneyi ifenso itithandiza. Palibe mtundu umodzi umene ungaime m'madzi sabata yathunthu n'kukhala moyo. Koma tikabzala mitundu iwiri kapena itatu, mvula yoononga siipeza yonse pa msinkhu umodzi. Pabanja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mitengo 20 mpaka 30 ndi yokwanira ndiwo. Theka likhale la mtundu wofulumira, theka la makolo.

Kusankha malo ndi kukweza bedi

Tisanagwire khasu, tiyambe taona kumene madzi amapita. Mvula ikamagwa, fundani chiguduli mutuluke panja. Onani pamene madzi a padenga akugwera, pamene akudutsa, ndi pamene akuima. Malo amene chithaphwi chimakhalapo mpaka m'mawa si a therere. Pamenepo mpoyenera koko kapena mpunga.

Njira ina ndi kukumba kadzenje kakuya ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, pafupifupi masentimita 40. Mvula yamphamvu ikagwa, kayang'aneni mawa lake. Ngati madzi aphwa, dothi ndi labwino. Ngati akadali m'menemo, ndiye kuti bedi liyenera kukwera kwambiri, kapena tisinthe malo.

Dothi la mchenga la m'mbali mwa nyanja limamwa madzi msanga, koma samalani, chifukwa nyanja ikadzaza madzi apansi amakwera, ndipo mchenga ukhoza kuoneka wouma pamwamba pansi pali madzi. Dothi lakuda la makande, limene limang'ambika m'chilimwe, limafufuma likanyowa n'kutseka njira zonse za madzi. Pamakande m'pamene therere limafa kwambiri. Katondo ali pakatikati.

Bedi likhale lotambalala mita imodzi, lokwera masentimita 20 pamchenga, 30 kapena kupitirira pamakande. Pamwamba pake pakhale potumphuka pang'ono ngati msana wa bwato lovundikira, kuti madzi azitsetsereka. Amene anazolowera mizere akhoza kuunga mizere ikuluikulu, kapena matutu ngati a chinangwa. Chofunika kwambiri ndi ngalande za pakati pa mabedi. Ngalande yopanda potulukira ndi chitsime basi. Iliyonse ikhale ndi kamtsetse kopita ku ngalande yaikulu, ndipo yaikuluyo itulutse madzi kunja kwa dimba. Ngonyeka zimene alangizi amatiphunzitsa kuti zizisunga madzi m'munda n'zabwino m'chaka cha ng'amba, koma m'dimba la therere nthawi ya mvumbi tizigumule.

Apa pali nkhani ya chipembedzo imene sitingaidumphe. Madzi amene tawatulutsa m'dimba mwathu asakathere pakhonde kapena pachimbudzi cha mnansi. Kuvutitsa woyandikana naye n'koletsedwa, ndipo milandu yambiri ya m'dzinja kwa amfumu imayambira pa ngalande. Kambiranani kaye, mwinanso mukumbe limodzi.

Amene bwalo lawo lonse limadikha madzi asataye mtima. Thumba la feteleza lakale, lotsukidwa bwino, likhoza kusunga mtengo umodzi wa therere. Boolani timabowo pansi ndi m'mbali, dzazani dothi losakaniza ndi manyowa ndi mchenga pang'ono, n'kuliika pamwamba pa njerwa. Mtundu wofulumira ndi umene umachita bwino m'thumba. Madzi a pamalo opangira udhu, amene m'chilimwe timawalozetsa kudimba, m'dzinja tiwapatutsire kwina.

Nthawi yobzala ndi kabzalidwe

Mbande yaing'ono ndi imene imafa msanga ndi madzi. Imaola patsinde penipeni, pamene yakhudzana ndi dothi, n'kugwa ngati yadulidwa. Mtengo wofika m'mawondo umapirira kwambiri. Ndiye tibzale ndi mvula yoyamba yobzalira, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, kuti mvula yamphamvu ya Januwale ndi Febuluwale ipeze therere litalimba. Osabzala mbewu yonse tsiku limodzi. Gawo lina tibzale pakatha masabata atatu, ndipo njere zina tisunge zodzabzala kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi. Kuno kotentha therere la mu Malichi limakula ndi chinyezi chotsalira, bola kulithirira pang'ono mu Meyi.

Zaka zino mwezi wa Ramadhan ukugwa m'dzinja. Mu 2025 unayamba kumayambiriro kwa Malichi, ndipo chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11. Amene akufuna therere la nsima ya pambuyo pa kufuturu kapena ya dakwi awerenge chobwerera masiku 60 kuchokera tsiku limene tikuyembekezera kuona mwezi. Limenelo ndi tsiku lobzala mtundu wofulumira. Ntchito yolemetsa yokweza mabedi ndi kukumba ngalande ithe swaumu isanayambe.

Njere ya therere ili ndi khungu lolimba. Kuiviika m'madzi usiku umodzi kumafulumizitsa kumera, ndipo zoyandama tizitaye. Koma ngati dothi lili kale chinyontho chokhachokha ndipo mitambo yadzaza, dikirani tsiku la dzuwa. Njere yofufuma ikalowa m'matope imaola. Phando likhale losaya, masentimita awiri kapena atatu, ngati kachigawo kamodzi ka chala. Ikani njere ziwiri kapena zitatu. Zimamera pakatha masiku asanu mpaka khumi. Zikatulutsa masamba enieni atatu, patulirani kuti patsale imodzi yamphamvu. Tikudziwa kuti kuzula mbande yamoyo kumapweteka mtima, koma mitengo itatu paphando limodzi imangolimbana, ndipo imasunga chinyezi.

M'chaka cha mvula tiwonjezere mpata. Mtundu wofulumira ukhale masentimita 45 kuchokera phando lina kufika lina, ndi 75 mpaka 90 pakati pa mizere. La makolo lalitali lipatsidwe 60 ndi 90, kapena kupitirira. Lalitalilo libzalidwe mbali imene silitchinga dzuwa la m'mawa kwa lalifupi, chifukwa dzuwa la m'mawa ndi limene limaumitsa masamba. Pansi pa mango kapena nthochi sipoyenera.

Chakudya cha mbewu

Manyowa owolerana bwino a mbuzi, ng'ombe kapena nkhuku ndiye maziko. Ndowa imodzi pa mamita awiri a bedi, kusakaniza ndi dothi sabata ziwiri tisanabzale. Manyowa amamasula makande kuti madzi adutse, ndipo amathandiza mchenga kugwira chakudya. Manyowa aawisi amaotcha mbande n'kuitana tizilombo.

Ife a kunyanja tili ndi chuma china chimene timangotaya. Matumbo ndi mamba a nsomba, komanso usipa umene walephera kuuma n'kuonongeka, ndi chakudya champhamvu cha mbewu. Osaika patsinde mwachindunji, agalu ndi amphaka adzafukula. Tikwirire pakati pa mulu wa kompositi, pamodzi ndi udzu, masamba ndi phulusa pang'ono, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu. Namasupuni amene amatseka madoko a mumtsinje wa Shire nayenso amapanga kompositi. Muvuuleni, aume kaye kumtunda, kutali ndi madzi kuti asabwereremo.

Amene ali ndi feteleza asathire yense kamodzi. Mvula yambiri imamukokolola kapena kumulowetsa pansi pomwe mizu sifika. Kachitsekero kamodzi ka botolo pamtengo uliwonse mbewu ikakwana masabata atatu, kenanso maluwa akayamba. Boolani kadzenje kutalika kwa zala zinayi kapena zisanu kuchokera patsinde, thirani, kwirirani. Yureya wochuluka amapangitsa therere kukhala masamba okhaokha, lobiriwira mokongola koma losabala, ndipo masamba ofewa otere ndi amene nsabwe ndi chuku zimakonda.

Kuphimbira ndi udzu n'kwabwino, chifukwa kumaletsa matope kuthovukira pamasamba, ndipo matope amenewo ndi amene amanyamula matenda. Koma m'dzinja udzu ukhale wopyapyala, ndipo usakhudze tsinde. Wochindikala umasunga nkhono ndi chiswe.

Matenda ndi tizilombo ta nthawi ya mvumbi

Duwa la therere limatseguka m'mawa n'kufota tsiku lomwelo. Kukakhala kouma limagwa lokha. Nthawi ya mvumbi limamatirira kunsonga ya kachipatso, n'kumera chuku chooneka ngati ndevu zotuwa zokhala ndi timitu takuda. Kachipatsoko kamafewa n'kuola. Mankhwala ake ndi manja athu. Podutsa m'dimba, chotsani maluwa ofota amene amatirira, ndipo tizipatso toola tikakwirire kunja kwa dimba.

Tembenuzaninso masamba. Mukaona kunsi kwake kuli zakuda ngati mwaye, ndiye matenda a mawanga amene amayamba ndi masamba am'munsi n'kumakwera. Thyolani masamba odwala. Ndi bwinonso kuzolowera kuchotsa tsamba lililonse limene lili m'munsi mwa chipatso chimene tathyola kale, kuti pansi pazipita mphepo. Anthete ake ndi ndiwo. Osavula mtengo wonse, masamba apamwamba ndi amene amadyetsa zipatso. Mvula ikamatha, kumabwera matenda ena ooneka ngati ufa woyera pamasamba. Nawonso amachepa ngati mitengo ili patalipatali.

Mtengo umene ukufota masana pamene madzi sanaime, tiuzule tione mizu. Ngati ili ndi timaphundu totupa, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, tija timavutanso fodya ndi tomato. Timakonda kwambiri dothi la mchenga. Pamalo otere pasabwerenso therere, tomato, biringanya kapena fodya kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Pabzalidwe chimanga kapena mapira. Ngati mizu ilibe maphundu koma mkati mwa tsinde muli mizere yoderako, ndi matenda ofotetsa okhala m'dothi, ndipo yankho ndi lomwelo la kasinthasintha wa mbewu. Mtengo wa masamba opiringizika, amawangamawanga achikasu, wopinimbira, sungachire. Tiuzule msanga, chifukwa tizilombo touluka timatenga matendawo kupita nawo ku mitengo ina.

Alimi a thonje a ku Balaka, Salima ndi Chikwawa akudziwa kale adani a therere, popeza ndi omwewo: nsabwe za m'masamba, mbozi zoboola zipatso, ndi tizilombo tofiira toyamwa njere. Choncho dimba la therere lisayandikane ndi munda wa thonje. Pamitengo 30, kutola mbozi ndi nkhono pamanja m'mawa tikachoka ku swala ya Subuhi kumathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Nsabwe zimafa ndi madzi a sopo pang'ono, kapena madzi a masamba a nimu osinja n'kuviika usiku umodzi. Tipopere madzulo a tsiku lopanda mvula, makamaka kunsi kwa masamba.

Pa mankhwala a m'sitolo tichenjezane. Therere timathyola masiku awiri alionse, pamene mankhwala ambiri amafuna kuti padutse masiku angapo chipopereni munthu asanadye. Masikuwo amalembedwa pabotolo, ndipo tiwatsatire. Mankhwala a thonje si opopera ndiwo. Kugulitsa therere lopopera dzulo osamuuza wogula ndi chinyengo, ndipo malonda otere alibe baraka. Komanso mankhwala monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atachepa bwanji. Ombwe, umene ena amapopera mbewu, nawonso ndi poizoni wa nsomba. M'dzinja chilichonse chothiridwa m'dimba chimatsikira kumtsinje ndi kunyanja, kumene nsomba zikuswana. Chopopera chisatsukidwe padoko. Mlimi ndi msodzi nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo, ndiye tisadziphere tokha ndiwo za mawa.

Dimba likamira, titani?

Choyamba, tsegulani njira ya madzi tsiku lomwelo, ngakhale mvula ikugwa. Maola ali ndi ntchito. Chachiwiri, osaponda pabedi, chifukwa phazi limatsendera matope n'kutseka mpweya wotsalawo. Mitengo imene yapendekeka tiidzutse pang'onopang'ono, tiikwezere dothi, n'kuimangirira ku kamtengo ndi luzi. Dothi likayamba kuuma pamwamba, tipalase mosazamitsa khasu kuti mpweya ulowe. Feteleza adikire mpaka tione masamba atsopano kunsonga. Mtengo umene wakhalabe chifotere masiku anayi madzi ataphwa wapita, tiuzule tibzale njere zimene tinasunga zija.

Mtengo wamtali umene wathothoka masamba koma tsinde lili lamoyo ukhoza kudulidwa m'mawondo ndi chikwanje chakuthwa, modula chopendeketsa, tsiku la dzuwa. Umaphuka nthambi zatsopano n'kubalanso pakatha mwezi kapena kupitirira.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchitenga mopepuka. Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi. Kolera amene anayamba ku Machinga mu 2022 n'kufalikira dziko lonse mpaka 2023 anatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Zipatso ndi masamba amene anamira m'madzi otere tizitaye. Zothyola pambuyo pake titsuke ndi madzi a pamjigo kapena othira kolorini, ndipo ziphikidwe mpaka kupsa. Ukhondo umene timausamala pa udhu ufikenso mumphika.

Kuthyola, kusunga ndi mbewu ya chaka chamawa

Chipatso chimakhala chokonzeka masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi duwa litatseguka, chikatalika ngati chala chapakati. Kuyesa kwake n'kosavuta: nsonga ikathyoka kuti thyo, n'chanthete. Ikangopindika, chakhwima. M'dzinja therere limakula mofulumira zedi, ndiye tizidutsa m'dimba masiku awiri alionse. Chipatso chokhwima chikasiyidwa, mtengo umaika mphamvu zake ku njere n'kuchepetsa maluwa. Ndiye ngakhale chimene chatipitirira tichichotse ndithu.

Tidikire mame kapena mvula iume pamasamba tisanalowe, chifukwa manja ndi zovala zimasamutsa matenda pamasamba onyowa. Tidule ndi mpeni, osakoka. Malaya a manja aatali amateteza kuyabwa. Therere lopita kumsika lisatsukidwe, ndipo lisaikidwe mujumbo. Likanyowa kapena kukhuzika limada, ndipo wogula amalidutsa. Dengu loyalamo masamba ouma ndiye bwino.

Likachuluka tifutse. Tidule tizidutswa topyapyala n'kuyanika pa lichero kapena pathandala loyera, losanunkha nsomba, tsiku la dzuwa lenileni. Kumadoko kumene kuli nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi dzuwa, nzeru yomweyo ikhoza kugwira ntchito pakhomo ndi kapepala ka pulasitiki koonekera, bola mphepo izilowa m'mbali. Mfutso wouma bwino umathyoka ngati kamtengo. Umene wachita chuku tiutaye.

Mbewu ya chaka chamawa isasungidwe kuchokera ku zipatso zokhwima pakati pa mvula, chifukwa njere zake zimachita chuku kapena kumera zili m'khoko momwemo. Tidikire Epulo ndi Meyi. Sankhani mitengo imene yapirira madzi n'kubala bwino, muimange kansanza kuti ana asathyole, ndipo zipatso ziumire mumtengo mpaka ziyambe kung'aluka. Njere ziume pamthunzi sabata imodzi, kenako m'botolo lotseka bwino ndi phulusa louma pang'ono. Dziwaninso kuti njuchi zimasakaniza mitundu yoyandikana. Amene akufuna kuti mbewu ya agogo isasinthike amange kansalu kopyapyala pa duwa madzulo lisanatseguke, achotse pakatha masiku awiri, n'kuika chizindikiro pa chipatsocho. Duwa la therere limatha kudzibereketsa lokha.

Chaka cha mvula yambiri n'chimene chimatisankhira mbewu yolimba. Amene therere lawo lapulumuka asaumire njere. Bweretsani pang'ono kumzikiti Lachisanu, mugawireko amasiye ndi anzathu amene madimba awo anakokoloka, ndipo muwauze kuti ndi mtundu wanji, unabzalidwa liti, padothi lotani. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti chimene munthu, mbalame kapena nyama yadya pa chobzala chathu chimalembedwa ngati sadaka. Mvula ili m'manja mwa Allah, koma bedi ndi ngalande zili m'manja mwathu. Pamene zativuta tiwafunse alangizi a zaulimi a m'dera lathu, paja safunsa anadya phula.

Allah atipatse mvula ya madalitso, atiteteze ku yoononga, ndipo adalitse minda ndi maukonde athu. Ameen.